Mpala wa Kenan

Mchimwene wanga Kenan ananamiza anthu a boma, ndipo bodza lakelo silinali lodzipulumutsira, linali lodzimangitsa. Ine Magdalene ndagwira unamwino ku Indianapolis zaka zambirimbiri. Ndamva odwala akunama kuti fodya anasiya, ena akunama kuti mankhwala akumwa, koma munthu wonama kuti alowe m'ndende ndinali ndisanamuonepo mpaka Januwale wa 2015. Ndikaganiza, ndimapsabe mtima mpaka lero.

Nkhaniyo anandibisira. Ndinakaimvera kushopu ya Sophia pa Lafayette Road, kumene timagula ufa ndi matemba. Akundiikira katundu m'jumbo anangoti, "Pepanitu mayi ndi za achimwenezi. Lachisanu tikhala tikupemphera."

"Lachisanu kuli chiyani?"

Anagwira pakamwa. Pamenepo ndinadziwa kuti Amalawi onse a mu Indiana akudziwa, kupatula ine mwini wake. Ufawo ndinausiya pakauntala pomwepo, ndinaimba kuntchito kuti asandidikire, n'kulowa mumsewu wa 31 wopita ku South Bend, sinowo, chipale chofewa chija, ili mbuu m'mbali monse.

Kenan ndinamupeza pasofa, kumwendo atamuveka kachipangizo kakuda kaja kouza apolisi pomwe munthu ali. Mkazi wake Joan ananditsegulira chitseko maso ali pansi.

"Achemwali, mukanayamba mwaimba," anatero Kenan.

"Ndikanaimba ukanandiuza kuti kuli bwino. Wapalamula chiyani?"

Anafotokoza ngati akumuzula dzino. Kenan ankagwira ntchito pafakitale ina yaing'ono yopanga mavavu, zotsekera ndi kutsegulira madzi m'mapaipi. Koma mavavu awo si a m'bafa. Amakawamangirira m'sitima zankhondo zoyenda pansi pa nyanja. Zaka zimenezo boma linali litathira ndalama zochuluka kuti sitima zotere zimangidwe mwachangu, ndiye mafakitale ang'onoang'ono onse opanga tizigawo take ankathamanga usana ndi usiku kuopa kulandidwa kontirakiti. Ntchito ya Kenan inali yotesita. Ankapopera madzi mwamphamvu mu vavu iliyonse, ikapanda kudontha n'kukhomapo chidindo cha nambala yake. Tsono vavu ina itafika komangira sitima kugombe la kum'mawa inaphulika poiyesa, pang'ono kuvulaza munthu. Atafufuza anapeza kuti gulu lonse la mavavu amenewo silinalawepo madzi, koma onse anali ndi nambala ya Kenan.

"Sindinateste," anatero akuyang'ana khoma. "Ndinangodinda. Ntchito inachuluka. Lachisanu ndikukavomera kukhoti, nkhani ithe."

"Iwe Kenan? Iwe amene umabwerera panjira kukaona ngati wazimitsa chitofu? Unadinda liti zimenezo?"

Joan ndi amene anayankha ali chiimire pakhomo la khitchini. "Seputembala, alamu. Sabata yachitatu."

Kenan anamuponyera diso, koma mawu anali atatuluka kale.

Ndinakhala pansi bwinobwino. Sabata yachitatu ya Seputembala ndi imene tinalira mayi athu. Anamwalira ku Mchinji ife tili kuno, ndipo anaikidwa tisanapeze n'komwe matikiti. Maliro tinakhuzira kunyumba kwanga ku Beech Grove. Kenan anafika Lachisanu, nachoka Lachisanu linalo, akugona pabalaza panga, chakudya osachifuna.

"Sabata imeneyo unali kwanga," ndinatero.

"Ndinabwerera Lolemba m'mawa. Mwaiwala, munali pachisoni."

"Ndinali pachisoni, sindinali wamisala. Lachitatu ndinakukakamiza kumwa phala, unalisanza pakapeti yanga, banga lake lilipo mpaka lero. Unasanza uli ku South Bend?"

"Achemwali, nkhaniyi musailowerere."

Ndinayang'ana Joan. Misozi inkangotsika, koma pakamwa ali tsekee. Mkazi amene mwamuna wake akupita kundende pa mlandu wabodza amalira mokuwa, amagubuduka, amatchula mayina. Uyu ankalira ngati munthu amene akudziwa kanthu.

* * *

Loya wa Kenan anali mayi wina wachikuda wa konkuno, Belinda, wolankhula mwachidule ngati mawu amagula. Ndinamupeza muofesi yake mawa lake m'mawa. Poyamba anakana kundiuza chilichonse mpaka anaimbira Kenan, yemwe anangoti andiuze zomwe ndikufuna popeza sizisintha kanthu.

"Akavomera, chimuchitikire n'chiyani?" ndinafunsa.

"Ndende. Akatuluka, ndege. Ali ndi girini khadi, si nzika. Kunamiza boma pa zida zankhondo si mlandu woti munthu atsale m'dziko muno."

"Iye akudziwa?"

"Ndamuuza kangapo. Amati wina anamutsimikizira kuti angomulipiritsa chindapusa. Sandiuza kuti winayo ndani."

Ndinamuuza za maliro, za phala, za kapeti. Anamvetsera osalemba kalikonse.

"Ndinu mlongo wake," anatero. "Iye akuti anali kuntchito. Baji yake inatsegula geti masiku onsewo. Kapitawo wake walumbira kuti anamuona. Ndiye pali vidiyo. Mawu anu okha sangagwetse zonsezo."

"Kapitawo wake ndani?"

"Edmond Kaliwo."

A Kaliwo ndi akulu a mpingo wa Amalawi ku South Bend, ndipo ndi amene anamupezera Kenan ntchitoyo. Ndi omwewonso amene anatsogolera mwambo wa maliro kunyumba kwanga.

"Ndionetseni vidiyoyo."

Inali ya Lachiwiri masana, yojambulidwa ndi kamera ya kudenga. Munthu ankaoneka chakumbuyo, atavala jekete yabuluu yakuntchito yolembedwa dzina la Kenan pamsana, kumutu kapu. Msinkhu womwewo, mapewa omwewo. Ankatenga vavu, kukhoma chidindo, kuika pambali, kutenga ina. Makina otesitira anali pomwepo pambali pake, osawakhudza. Kenako kumanja kunatulukira a Kaliwo ndi kayendedwe kawo kotsogoza mimba. Munthu uja atawaona anasiya ntchito, anavula kapu, n'kuigwira ndi manja awiri pachifuwa atawerama pang'ono.

"Imitsani pamenepo."

Belinda anaimitsa. "Ofufuza nawonso anaima pomwepo. Akuti ulemu wotere ndi wa kwanu, ndipo Mmalawi wotesita pafakitalepo ndi mmodzi yekha."

"Ulemuwo ndi wa kwathu inde. Koma taonani mutuwo."

"Watani?"

"Uli ndi tsitsi."

Anandiyang'ana ngati ndasokonekera. Anatulutsa chithunzi cha pabaji ya Kenan, tsitsi lilipo. Cha tsiku lomwe anamangidwa mu Disembala, tsitsi lilipo. Ndinamufotokozera pang'onopang'ono monga ndimachitira ndi wodwala wosamva. Kwathu maliro akatha, achibale a magazi amameta. Mayi anaikidwa Loweruka. Lamulungu masana, pakhonde langa lakuseri, Kenan anametedwa mpala, mutu kuchita kunyezimira. Ine anangondidula pang'ono patsogolo chifukwa cha ntchito. Tsitsi la m'vidiyomo silingamere pakati pa Lamulungu ndi Lachiwiri ngakhale utalithira feteleza.

Apa Belinda anatenga cholembera. "Anamumeta ndani?"

"Mboni yanu yolumbirayo."

* * *

A Kaliwo ndinawapeza kuholo imene mpingo umabwereka, akuyala mipando. Ndi bambo wa mawu ofewa, amene ngakhale akufunsa njira ya kuchimbudzi amamveka ngati akutsegula pemphero.

"Mayi Magdalene, Ambuye akutsogolerani. Mwana wathu ali m'chigwa cha mthunzi wa imfa, koma sitimusiya yekha."

"Zikomo abambo. Ndabwera kuti mundikumbutse, mutu wanga sukugwira. Kenan anachoka liti kwanga nthawi ya maliro ija?"

"Lolemba m'bandakucha. Ndinamutenga ndine pagalimoto yanga."

"Oho. Si inu munanena Lamulungu lija kuti mwana wamwamuna asathamangire ntchito misozi isanaume? Kuti zakufakitale mukakonza ndinu?"

"Ndinanena, koma iye anakakamira. Achinyamata a masiku ano, mayi."

"Ndiye jekete yake yakuntchito ija, munatuluka nayo m'nyumba mwanga mutaikoleka pamkono, ankakuyembekezani m'galimoto?"

Anaika mpando pansi mosamala kwambiri. "Mayi, chisoni chimaiwalitsa zinthu. Ine ndalumbira pamaso pa boma ndi pamaso pa Mulungu. Mukayamba kutakasa nkhaniyi muvulaza anthu ambiri, ena osalakwa. Tili m'dziko la eni. Mmalawi mmodzi akanunkha, tonse tinunkha, ndipo pafakitale paja sadzalembanso wathu aliyense."

"M'sitima zimenezo mumalowa anthu, abambo. Ana a eni ake. Vavu ikaphulika ali pansi pa nyanja atulukira pati?"

"Sitima zimenezo zili ndi mavavu zikwizikwi. Akuluakulu ankafuna katundu atuluke mwezi usanathe, apo ayi kontirakiti ipite kwina, mabanja onse aja agone ndi njala. Inu za mafakitale simuzidziwa, mayi."

Ndinawayang'ana. Sindinawafunse za kontirakiti ine, anayambitsa okha. Ndinafuna kuwaponyera mpando womwewo, koma ndinameza malovu n'kutsanzika mwaulemu wonse.

Ndili m'galimoto ndinatsegula Facebook. Ndinkakumbuka bwino kuti tsiku lometa lija a Kaliwo anajambulitsa chithunzi: iwo ataima ndi makina ometera m'manja, Kenan atakhala pampando wapulasitiki mutu uli mbee. Anachiika patsamba lawo n'kulemba kuti ngakhale tili kutali mwambo wa makolo sitiutaya, anthu n'kumawayamikira. Ndinafufuza Seputembala yense. Zithunzi za kwaya zinalipo, za pikiniki zinalipo. Chometa chokha ndicho chinali chitachotsedwa.

Ndinaseka ndekha, kuseka kowawa. Munthu wokonda kutamandidwa satumiza chithunzi malo amodzi. Madzulo a Lamulungu lomwelo anachitumizanso pa WhatsApp kwa ine, kwa atsibweni ku Mchinji ndi kwa theka la mpingo. Chinali chikhalire mufoni yanga, tsiku lake lili pamwamba, dzina lawo lili pomwepo.

Ndinamutumizira Belinda. Anaimba nthawi yomweyo.

"Chithunzichi n'champhamvu. Koma Kenan akaimirira Lachisanu n'kunena kuti ndi iye, woweruza amva iye. Ndikufuna mwini wa tsitsilo."

* * *

Pobwerera ku Indianapolis ndinali ndi msewu wautali woganizira. Munthuyo anali Mmalawi, wa msinkhu wa Kenan, woti akaona a Kaliwo amavulabe kapu. Kenan mwiniwake anasiya kalekale zovulira anthu zipewa, wakhalitsa kuno. Wochita zimenezo ndi amene fumbi la kumudzi silinamuchoke. Ndinayamba kukumbukira amene anali pamaliro. Lamulungu nyumba inali yodzaza. Lolemba ambiri anabwerera kuntchito, koma achibale anatsala, kupatula mmodzi amene anasowa osatsanzika, Joan n'kunena kuti ali ndi mayeso kusukulu.

Nditafika pa Kokomo funso lina linandigwera. Kodi Joan angalolere bambo wa mwana wake apite kundende chifukwa cha ndani? Osati chifukwa cha a Kaliwo. Mkazi amatseka pakamwa chonchija chifukwa cha magazi ake okha.

Joan ali ndi mchimwene wake, Mthunzi, bambo wa zaka za m'ma sate, amene kumudzi anali wowotcherera zitsulo ku Kanengo. Anabwera ngati wophunzira, sukulu inamukanika, mapepala n'kutha mphamvu. Ankakhala kwa Kenan, koma mu Disembala anasamuka mwadzidzidzi. Ndinadziwa woti ndimufunse.

"Ali kuseriku, akutsitsa katundu," anatero Sophia Lachitatu m'mawa, ali ndi mantha. "A Kaliwo ndi amene anandipempha kuti ndimusunge. Ine sindikudziwa kanthu, mayi, ine ndimangogulitsa ufa."

Mthunzi anali m'chipinda chosungira katundu, thumba la mpunga lili paphewa, kumutu chipewa chaubweya. Atandiona anatsitsa thumbalo, anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri pachifuwa atawerama pang'ono. Koma mutu wake unali mpala, wometedwa kumene, m'nyengo yoti madzi amaundana m'mipope chifukwa cha kuzizira.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Mthunzi, wameta maliro a yani?"

Anagwira mutu. "Ndi sitayilo chabe, alamu."

"Sitayilo mu Januwale. Tsiku la mwambo lija ndinakuona. Unakana makina, unati mlamu sameta maliro a eni ake, ndipo unanena zoona. Tsitsi lako unkalinyadira, unkalipesa ngakhale pamaliro. Lero wameta. Wakuuza kuti umete ndani?"

Anafinya chipewa chija m'manja.

"Ndaiona vidiyo. Wavula kapu momwe wavulira chipewachi."

Anakhala pathumba la mpunga. Mthunzi amalankhula mothamanga, mawu kupondana, ndipo atayamba sanaime.

"Ine ndimafuna kuthandiza, alamu, ndikulumbira. A Kaliwo anandikokera pambali Lamulungu lija, akuti kampani imangopereka masiku ochepa a maliro, alamu ako akapitirira awachotsa ntchito, akuti iwe ndi wamsinkhu wawo, vala jekete, tsitsa kapu, ukaswaipe baji, azungu sasiyanitsa. Ine ndinati zotesita sindizidziwa. Akuti makina ndi owonongeka, mavavu anawatesita kale ena, iwe uzingodinda, thiraki ikudikira. Ine ndinaona ngati ndikuphimbira alamu anga pa nthawi ya chisoni. Kumudzi timatero, munthu akaferedwa anzake amakamulimira munda. Ndinadinda sabata yonse. A Kenan sankadziwa, ankayesa kuti ali pa tchuthi."

"Anadziwa liti?"

"Atamangidwa. A Kaliwo anabwera kunyumba, anatikhazika pansi tonse atatu. Akuti ine ndikaululika ndiye zoopsa, munthu wopanda mapepala kulowa malo a zida zankhondo, akuti andiyesa kazitape, sindidzatulukanso. Koma a Kenan poti ali ndi girini khadi angowafaina basi. Ndiye anandibweretsa kuno, n'kundiuza kuti ndizimeta."

"Angowafaina," ndinabwereza. "Mthunzi, mkuja alamu ako akukavomera mlandu wako. Akavomera akulowa m'ndende, akatuluka akuwadipota. Mwana wawo Wanangwa akula wopanda bambo. Loya wawauza, iwo akukhulupirira a Kaliwo."

Anadzutsa mutu. "Ayi, alamu. Anandiuza kuti nkhani inatha."

"Amene anakuuzayo ndi amene walumbira kuti anaona Kenan akudinda."

Anayang'ana chipewa m'manja mwake. Sindinamunyengerere. Sindinamuuze kuti zikhala bwino, chifukwa ndinkadziwa kuti kwa iye sizikhala bwino. Ndinangomuuza kuti mawa ndikupita ku South Bend, galimoto yanga ili ndi malo, ndipo akakana ndipitabe ndi chithunzi changa ndi dzina lake.

"Ndiye kuti ndilibe chosankha," anatero.

"Uli nacho. Ukhoza kulowa wekha, kapena adzakutenge."

* * *

Lachinayi masana ine ndi Mthunzi tinafika kwa Kenan. Belinda anali atatidikira m'galimoto yake kutsogolo kwa nyumba. Panalinso galimoto ina imene ndinaizindikira. A Kaliwo anali atabwera kudzapempherera mwana wawo asanapite kukhoti, ndiye kuti kudzaonetsetsa kuti mbuzi isadule chingwe.

Tinawapeza ali pakati pa pemphero, dzanja lili pamutu pa Kenan. Sindinadikire ameni.

"Chotsani dzanja limenelo pamutu pa mwana wa mayi anga."

Anatsegula maso. Anaona ine, anaona Belinda, kenako anaona Mthunzi kumbuyo kwathu. Joan anakuwa dzina la mchimwene wake n'kugwira khoma.

"Mutu umenewo munaugwirapo kale," ndinatero ndikuwaonetsa foni. "Nawu. Lamulungu, pakhonde panga, makina ali m'manja mwanu. Munaumeta nokha, munajambulitsa nokha, munatumiza nokha. Lachiwiri lake mwalumbira kuti munauona uli ndi tsitsi."

"Mayi Magdalene, tiyeni tikambirane ngati Amalawi. Mlendoyu atuluke kaye."

"Ngati Amalawi? Munabwera m'nyumba mwanga mayi anga asanazizire m'manda. Munatiimbitsa nyimbo, munatiuza kuti mwambo ndi mwambo, mwana akhale sabata yonse alire bwino. Ife n'kumati tapeza bambo kuchilendo. Chonsecho mumawerengera masiku oti nambala yake ikhale yopanda mwini. Maliro a mayi anga munawasandutsa shifiti, a Kaliwo. Mulibe manyazi."

"Ndinapulumutsa ntchito za anthu ambiri," anatero, mawu ofewa aja atathawa. "Kenan ndinamutola ine akutsuka mbale. Amene mukumuyesa mdaniyu ndi amene wadyetsa banja lino."

Apa Kenan anadzutsa mutu. Anatembenukira kwa Belinda.

"Ndiuzeninso pamaso pawo. Ndikavomera mawa, ndi faini?"

"Ndende, kenako ndege," anatero Belinda. "Ndipo bambo awa akudziwa. Loya wa kampani anawafotokozera asanalumbire."

Kenan anayang'ana a Kaliwo. Iwo anayang'ana Baibulo lawo, analitseka, natenga chikhoti chawo. Palibe anawaperekeza. Belinda anangowauza ali pakhomo kuti apeze loya wawowawo lero lomwe.

Ndinkayesa kuti zovuta zatha, koma zinali zikuyamba kumene. Kenan anaimirira n'kumugwira Mthunzi pamkono.

"Bwerera ku Indianapolis. Sunabwere kuno, palibe wakuona."

"Ayi alamu," anatero Mthunzi. "Ndinadinda ndine. Munda ndinalima molakwika ndine."

"Ali ndi ana awiri ku Mzimba amene amadya za kuno," Kenan anandiuza ine, maso ali psu. "Mukudziwa zimenezo, achemwali? Ine ndinasankha ndekha. Ndani anakutumani?"

"Unasankha utanamizidwa. Ndipo ukanalowa m'ndende, a Kaliwo akanatsala pafakitale paja akusaka wina woferedwa."

Belinda ananena zoona zokhazokha, osakometsera. Anati akapita ndi Mthunzi kwa ofufuza iye mwini asanasakidwe, n'kukapereka umboni wa amene anamutuma, mwina ndende aipewa. Koma zotsala m'dziko muno, anati asanamizane, sizitheka. Mthunzi anagwedeza mutu movomereza. Anakumbatira mlongo wake, anavala chipewa chake, natsatira Belinda kugalimoto.

Joan anaima pawindo mpaka galimoto inakhota. Atatembenuka sanalirenso.

"Alamu," anatero, "mwawombola mlongo wanu ndi mlongo wanga."

"Eya," ndinayankha. Panalibe chifukwa chokanira.

* * *

Lachisanu Kenan sanavomere mlandu. Patapita miyezi boma linausiya, kachipangizo kaja anakadula kumwendo. A Kaliwo ndi mkulu wina wa fakitaleyo anakayankha mlandu okha, ndipo mavavu onse a gulu lija anawatsata mpaka kuwazula m'sitima momwe anali atamangiriridwa kale. Mumpingo ena amandipatsa moni, ena akandiona amayang'ana kumbali, akuti ndinaulula zam'nyumba kwa azungu. Amenewo sandisowetsa tulo.

Mthunzi anapereka umboni wake wonse, ndipo chilimwe chisanathe anamukweza ndege. Joan sanapondenso pakhomo panga. Wanangwa ndimamuona pa zithunzi, bambo ake atamunyamula paphewa, ndipo ndikaona zimenezo ndimadziwa kuti nditabwerera ndikhoza kuchitanso chimodzimodzi.

Tsiku lomwe Mthunzi ananyamuka, Kenan anachokera kubwalo la ndege n'kudzera ku Beech Grove. Ndinamuona pawindo akutsika m'galimoto, ndinathamanga kukatsegula, ndili ndi chiyembekezo kuti mwina wabwera kudzandikhululukira. Anaima pakhonde osalowa. Anavula kapu, kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezi, n'kuigwira ndi manja awiri.

Mutu unali mpala. Sindinamufunse kuti wameta maliro a yani.